Kaphikidwe ka ku Asia pa ndiwo zathu zomwezi: tingadye zokoma osanenepa?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi funso la kukhitchini. Ndikufuna kuchepetsako thupi, koma aliyense amene ndamufunsa akungondiuza zowiritsa: nkhuku yowiritsa, kabichi wowiritsa, osathira mafuta, osathira kanthu. Ana akukana, bambo awonso sakukondwa nazo, ndipo sindingamaphike miphika iwiri tsiku lililonse makala akudula chonchi. Ndimaona anthu ambiri a ku Japan, ku Korea ndi ku Vietnam ali ndi matupi abwino, chikhalirecho chakudya chawo chimaoneka chokoma. Alipo amene akudziwa kaphikidwe kawo ka pakhomo, koma ka zinthu zoti ndingazipeze mumsika wa Zomba?

Chikondi wa ku Joni: Asisi, funso limeneli ndi langa. Ndimaphika mu lesitilanti ya chi Thai kuno ku Johannesburg. Choyamba mudziwe kuti zimene timagulitsa si zimene eni ake amadya. Za makasitomala timathira shuga, mkaka wa kokonati ndi mafuta ambiri, poti ndi zimene zimakoka anthu. Eni ake akakhala pansi masana amadya mpunga, masamba okazinga ndi adyo, dzira, kansomba ndi supu wamadzimadzi. Zimenezo ndi zomwe mukufuna inuyo.

Yambani ndi masamba. Tengani mpiru kapena chainizi, mutsuke musanadule, muusiye pa sefa udonthe madzi onse. Dulani zikuluzikulu, matsinde padera, masamba padera. Sinjani adyo, dulani jinja timizeremizere, ndi kambuzi mmodzi. Zonse zikhale pafupi musanateleke, chifukwa mukayamba simupezanso mpata wosenda anyezi. Chiwaya chitenthe kaye chopanda kanthu mpaka chiyambe kufuka pang'ono. Kenako supuni imodzi yaikulu ya mafuta, adyo ndi jinja, muwerenge mpaka teni, muponye matsinde aja n'kumatakasa. Ikatha mphindi imodzi muike masamba. Mphindi zina ziwiri zakwana. Kumapeto kasupuni ka soy sauce ndi madzi a mandimu, muphule. Masamba atuluke ali obiriwira.

Nachisale: Mphindi zitatu zokha achimwene? Mpiru suwawa?

Chikondi wa ku Joni: Umawawa pang'ono, koma jinja ndi mandimu zimapha kuwawako. Ngati ana sakukonda, uviikeni kaye m'madzi owira kwa theka la mphindi, muutsanule, ndiye mukazinge. Chachikulu ndi moto. Mbaula yoyaka bwino imaposa hotplate. Musadzazenso chiwaya, chifukwa masamba akachuluka amatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika. Banja likakhala lalikulu kazingani kawiri. Kholowa ndi bonongwe amachita bwino kwambiri njira imeneyi. Ku Taiwan ndi ku Philippines kholowa amadya ngati ife, ndipo bonongwe ali m'misika ya ku China ndi ku India.

Nangozo (namwino, Leeds): Achimwene a ku Joni anena mawu amodzi amene sindikufuna akupitirireni: supuni. Ambiri a ife timathira mafuta kuchokera m'botolo, kungopendeketsa mpaka anyezi asambire. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, kaya ndi a mpendadzuwa, a soya kapena a olive odula aja. Mukathira masupuni asanu mu ndiwo za nyemba ndiye mwaikamo makalori 600 osadziwa. Munthu akangoyamba kuyeza mafuta ndi supuni, wayamba kale kuchepetsa thupi ngakhale asanasinthe china chilichonse. Chinanso ndi soda. Masamba ophika ndi soda kwa nthawi yaitali amataya vitamini C wambiri ndi mavitamini ena. Kaphikidwe kofulumira aka kamasunga zimenezo.

Bambo a Dalitso: Ine ndikumva ndithu, koma ndifunse m'malo mwa abambo anzanga. Mukufuna tisiye nsima tizidya mpunga ndi timasamba touma? Ine ndikadya mpunga usiku, pakati pa usiku njala yayambanso. Komanso masamba okazinga opanda msuzi nsima idutsa bwanji pakhosi?

Nangozo (namwino, Leeds): Ayi bambo, palibe wanena zosiya nsima. Mpunga woyera suposa nsima pa nkhani ya thupi. Nawonso anauchotsa gaga, ndipo umakweza shuga m'magazi mofulumira. India ndi China ndi maiko amene ali ndi anthu ambiri odwala shuga padziko lonse, ndiye tisaganize kuti chilichonse cha ku Asia ndi mankhwala. Nsima ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba kuposa mpunga woyera. Chimene tikuphunzira kwa anzathuwa ndi kagawidwe ka mbale: ndiwo zichuluke, nsima ichepe. Ife timachita zosiyana, mitanda itatu kapena inayi ndi kandiwo kongonyowetsera.

Mphatso ku Osaka: Moni makolo ndi abale. Ndili pasukulu kuno ku Japan, ndiyankhe a bambo a Dalitso. Chakudya cha pakhomo kuno chimakhala ndi dongosolo lakalekale: kambale ka mpunga, supu mmodzi, ndi ndiwo zitatu. Ndiwo imodzi ndi nsomba, nyama kapena tofu (chakudya chopangidwa ndi soya), ziwirizo ndi zamasamba. Chilichonse chili m'kambale kakekake, ndipo kambale ka mpunga n'kokwana m'dzanja. Mukayamba ndi supu wotentha ndi masamba, mukamafika pa mpunga njala yatha kale theka. Akuluakulu amaphunzitsanso ana kuti uzisiya kudya mimba isanadzaze, ikafika magawo asanu ndi atatu mwa khumi.

Koma asisi a ku Zomba, si chakudya chokha. Anthu kuno amayenda. Kupita kusiteshoni wapansi, kukwera masitepe, agogo achikulire kupalasa njinga kukagula ndiwo. Ndipo kuyambira 2008 boma linakhazikitsa zoti anthu a zaka 40 mpaka 74 aziyezedwa m'chiuno chaka chilichonse. Mwamuna akafika masentimita 85 kapena mkazi 90, amamuunika bwino n'kumupatsa uphungu wa kadyedwe.

Bambo a Dalitso: Masentimita 85? Ndiye ambiri a ife tikanaitanidwa. Chabwino mwana wanga, koma za msuzi sunandiyankhe.

Mphatso ku Osaka: Msuzi ulipo bambo, ndipo ndi wa usipa. Kuno amagwiritsa ntchito tinsomba touma totchedwa niboshi, ku Korea ali natonso tawo. Amachotsa mitu ndi matumbo kuti msuzi usawawe, n'kuviika m'madzi ozizira kwa theka la ola, kenako kuwiritsa pamoto wochepa mphindi khumi, n'kusefa. Madzi amenewo ndiwo maziko a supu. Mulibe dontho la mafuta, koma kukoma kwake n'kodzadza m'kamwa. Usipa wouma wabwino, wosanunkha chifukwa cha kukhalitsa, umachita chimodzimodzi. Dzanja limodzi la usipa pa lita imodzi ya madzi. Mu msuzi umenewo ponyani bowa, chainizi, karoti, anyezi wamasamba, kajinja, ndipo mukafuna muswere dzira n'kutakasa. Usipa wosefedwa uja musataye, ukazingeni pang'ono ndi chitowe.

Chikondi wa ku Joni: Ndipo ngati mukufuna masamba okazinga aja akhale ndi msuzi wodyera nsima, tengani theka la kapu ya madzi a usipa amenewo, musungunulemo kasupuni ka cornflour kapena ufa wa chinangwa wosalala, muthire m'chiwaya kumapeto. Pamasekondi ochepa umalimba n'kumata masamba. Ndi mmene achi China amachitira. Nsima idutsa bwinobwino bambo.

Anaphiri a ku Limbe: Ana anga, mukutchula za ku Japan ndi ku Thailand, koma Asia wina takhala naye kuno ku Limbe chiyambire makolo athu. Ine ndinaphika zaka zambiri m'nyumba ya amwenye. Anthu akamva za chakudya cha amwenye amaganiza za samusa, bajiya ndi biriyani. Zimenezo ndi za alendo ndi za zikondwerero. Za tsiku ndi tsiku zinali dal, chapati chopyapyala chowotcha pouma, ndi ndiwo zamasamba. Ndipo dal ameneyo ndi nandolo wathu yemweyu wochotsa makoko. Amene munakulira kumudzi mukudziwa chipere. Kusiyana kwake ndi zokometsera basi.

Kaphikidwe kake nkaka. Kapu imodzi ya nandolo wosweka, mutsuke, muviike ola limodzi. Wiritsani ndi makapu atatu kapena anayi a madzi, theka la kasupuni ka turmeric ndi tomato mmodzi, mpaka afewe n'kusungunuka. Mupondeponde ndi mthiko. Mpaka apa mulibe mafuta. Tsopano pa kapoto kena tenthetsani supuni imodzi ya mafuta, muponyemo njere za mpiru. Zikayamba kuthetheka muike jira (njere za cumin), adyo, tsabola ndi masamba a kale (curry leaves) ngati muli nawo. Adyo akangofiirira, khuthulirani zonse mu mphika wa dal n'kuvundikira msanga kuti fungo lisathawe. Kumapeto madzi a bwemba kapena a mandimu. Supuni imodzi yokhayo imanunkhiritsa mphika wodyetsa anthu asanu, chifukwa mafuta alowa pomaliza atanyamula fungo lonse la zokometsera. Bambo a Dalitso, msuzi wa nsima ndi umenewo, ndipo simudzuka ndi njala usiku.

Nachisale: Zikomo kwambiri mayi. Njere za mpiru ndi jira ndingazipeze kuti?

Anaphiri a ku Limbe: M'masitolo a amwenye mwanangu, ku Limbe ziliko zambiri, ku Zomba nakonso funsani. Timapaketi take n'totsika mtengo ndipo timakhalitsa, poti mumangotapa pang'ono. Mugule zanjere, osati zogaya, zogaya zimatha fungo msanga. Mphodza nazonso muziphika chimodzimodzi, ndipo zimapsa msanga kuposa nandolo. Therere lobala nalonso yesani kuphika mwa chimwenye: mutsuke, mupukute liume gwa musanadule, mukazinge ndi anyezi ndi jira, osathira madzi, osathira soda, osavundikira. Mchere muthire kumapeto. Silitelereka ayi, ndipo ana amene amakana therere amadya.

Mlimi wa ku Phalombe: Mayi a ku Limbe mwandikhudza. Nandolo amene timalima kuno ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu wambiri amapita ku India kukakhala dal yemweyo. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mitengo inagwa koopsa, matumba anangodzadza m'nyumba. Chimene chinkandipweteka n'choti anthu a m'tauni ankadandaula za kudula kwa ndiwo pomwe ife tikusowa kogulitsa nandolo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tikanazolowera kumudya tokha m'njira zosiyanasiyana, msika wina ukanakhala konkuno.

Nangozo (namwino, Leeds): Zoona achimwene, ndipo kwa munthu wofuna kuchepetsa thupi nandolo, mphodza ndi nyemba ndi abwenzi enieni. Muli mapuloteni, muli zotsuka m'mimba, zimakhutitsa nthawi yaitali. Koma tsopano ndinene chimene chikundidetsa nkhawa pa zonsezi, chifukwa ndimaona anthu athu ambiri akubwera ndi BP yokwera. Ndi mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wonse wa m'buledi, m'nsomba zouma ndi m'zokometsera. Mu mchere umenewo muli sodium, chinthu chimene chimakweza BP, pafupifupi mamiligalamu 2,000. Supuni imodzi yaikulu ya soy sauce ili ndi sodium pafupifupi mamiligalamu 900 kapena kupitirirapo, ndiye kuti pafupifupi theka la muyezo wa tsiku lonse latha. Fish sauce ndiye amaposa pamenepo. Ndiye lamulo likhale ili: mukathira soy sauce, mchere musathirenso, kyubu musaikenso. Ndipo muyeze ndi kasupuni ka tiyi, osati kupendeketsa botolo.

Mphatso ku Osaka: Anti akunena zoona. Kuno anthu ndi ochepa matupi koma amadya mchere pafupifupi magalamu 10 patsiku, kuwirikiza kawiri muyezo uja, ndipo a zaumoyo akhala akulimbana nazo kwa zaka zambiri. M'masitolo muli soy sauce ndi miso (chokometsera supu chopangidwa ndi soya wosasitsa) zochepetsedwa mchere. Mbali imeneyi tisatengere.

Chikondi wa ku Joni: Njira yochepetsera mchere chakudya osazizira ndi kuwawasa ndi tsabola. Ophika achi Thai amalawa zinthu zinayi: mchere, kuwawasa, kutsekemera ndi kuwawa kwa tsabola. Ndiwo zikamveka zozizira, dzanja lathu limathamangira ku mchere, koma nthawi zambiri chikusowa ndi ndimu. Yesani mudzaone. Lemon grass amene timangomwera tiyi uja, tsinde lake loyera la m'munsi mulitswanye ndi mpeni muponye mu supu wa nkhuku kapena wa nsomba pamodzi ndi jinja, tomato, bowa ndi kambuzi, mandimu kumapeto mutaphula. Supu ameneyo safuna mafuta.

Ndikupatseninso saladi ya papaya wosapsa, imene ku Thailand amati som tam. Papaya akhale wobiriwira, wolimba, mkati moyera. Musende, mutsuke utomoni, mupale timizere titalitali. Mu kamtondo sinjani adyo ndi tsabola, muikemo zitheba zaziwisi zoduladula, tomato, usipa wokazinga pang'ono m'malo mwa tinkhanu touma timene iwo amaika, madzi a mandimu awiri, kasupuni ka shuga, kasupuni ka fish sauce. Kenako papaya uja, muzigunda pang'onopang'ono ndi munsi uku mukutembenuza ndi supuni kuti msuzi ulowe. Pamwamba mtedza wokazinga woswa. Pambali nkhuku yowotcha pamakala yochotsa khungu. Chakudya chatha, mafuta simunakhudze.

Nangozo (namwino, Leeds): Saladi yabwino kwambiri, koma amayi oyembekezera apewe papaya wosapsa chifukwa cha utomoni wake. Ndipo mtedza musankhe bwino, wachuku ndi wonyala mutaye, chifukwa chuku chimenecho chimakhala ndi poizoni woononga chiwindi amene saphedwa ndi moto. Masamba odya aawisi mutsuke ndi madzi otetezedwa, makamaka nyengo ya mvula.

Nagama: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ndimapita ku Guangzhou kukaoda katundu, ndipo chakudya chimene chinandigwira mtima kumeneko ndi nsomba yophika ndi nthunzi. Anthu a chigawo chimenecho amalemekeza nsomba yaiwisi, safuna kuibisa ndi zokometsera zambiri. Ife chambo timachiviika m'mafuta mpaka chiume, kukoma kwake kwenikweni osakumva. Ndimaphika kwathu ku Area 25 popanda chipangizo chapadera. Sefuliya yaikulu, pansi madzi pang'ono, mkati kambale kachitsulo kovundikira, pamwamba pake mbale ya nsomba kuti isakhudze madzi. Chambo muchipale, muchitumbule, muchotse zakuda za m'mimba zonse, muchicheke mizere iwiri mbali iliyonse. Jinja m'mimba, jinja pamwamba. Madzi awire kaye mwamphamvu, ndiye muike mbale n'kuvundikira. Chambo chapakati chimapsa pa mphindi 8 mpaka 10, chachikulu onjezerani pang'ono. Mnofu ukamachoka pa minga mosavuta ndiye kuti chapsa. Tayani madzi amene adikha m'mbale, ndi amene amanyamula fungo la nsomba. Ikani anyezi wamasamba ndi jinja watsopano pamwamba, tenthetsani supuni imodzi ya mafuta mpaka afuke, muthire pa anyeziyo amveke kuti tswee, kenako soy sauce pang'ono m'mbali mwa mbale.

Bambo a Dalitso: Achemwali, sichinunkha chimenecho? Nsomba yosakazinga ine imandivuta.

Nagama: Chikakhala chatsiku lomwelo sichinunkha achimwene. Pogula muone maso akhale owala, makha ofiira, mnofu wolimba mukaudina. Chogona m'furiji magetsi akuzimazima musachiphike njira imeneyi, chimenecho ndi cha tomato ndi kale. Kaphikidwe ka nthunzi sikabisa kanthu, n'chifukwa chake kumeneko m'malesitilanti ambiri nsomba amaisunga yamoyo m'madzi mpaka wina aitanitse.

Tiyamike: Pepani makolo, funso la ife a kukoleji. Manudozi a m'mapaketi aja si a ku Asia nawonso? Ine ndimadya pafupifupi tsiku lililonse chifukwa ndi ofulumira. Ali bwino?

Mphatso ku Osaka: Achemwali, anayambiradi kuno ku Osaka, Momofuku Ando ndi amene anawatulukira mu 1958. Koma ambiri amawakazinga m'mafuta asanawaike m'paketi, ndi chifukwa chake amapsa pa mphindi ziwiri. Kapaketi ka zokometsera kaja n'kodzadza mchere. Si chakudya cha tsiku lililonse. Ngati palibe kuchitira mwina, thirani theka la kapaketiko, muponyemo masamba odzadza manja awiri ndi dzira, ndipo msuzi wake musamwe wonse.

Tiyamike: Nanga MSG, ufa woyera wokometsera chakudya uja? Anzanga amati ndi poizoni wa ku China.

Nangozo (namwino, Leeds): Si poizoni mwanangu, ndipo sanayambire ku China. Katswiri wa ku Tokyo, Kikunae Ikeda, ndi amene anamupeza mu 1908 pofufuza chimene chimakometsa msuzi wa ndere za m'nyanja. Chinthu chomwecho chili mu tomato wakupsa, mu bowa ndi mu nsomba zouma, n'chifukwa chake msuzi wa usipa uja umakoma. Mabungwe oona za chakudya amamuvomereza, ndipo sodium wake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a amene ali mu mchere wamba. Makyubu amene timaponya mu ndiwo tsiku lililonse ambiri ali ndi MSG, koma chimene chimandiopsa m'menemo ndi mchere wake. Werengani pa paketi, nthawi zambiri mchere ndiwo umayamba kulembedwa.

Nachisale: Ndikulemba zonse m'kope. Achimwene a ku Joni, nanga kale wa chi Thai wa mkaka wa kokonati uja ndimusiyiretu?

Chikondi wa ku Joni: Osasiyiratu asisi, koma akhale wa Lamulungu. Chitini chimodzi cha mamililita 400 chimapitirira makalori 600, ndipo ambiri ndi mafuta. Kunyumba ndimathira theka la chitini, kwinako ndimadzadzitsa ndi msuzi wa mafupa a nkhuku, n'kuchulutsa mabiringanya, zitheba ndi maungu. Nyama ya nkhuku mukafuna kukazinga mofulumira, idulenii yopyapyala, muisakanize ndi kasupuni ka cornflour, ka soy sauce ndi madzi pang'ono, ikhale mphindi 15. Imatuluka yofewa ngakhale ya pachidali. Muikazinge payokha, muichotse, mukazinge masamba, ndiye muibwezere kumapeto. Chidali chimodzi chimakwanira anthu anayi chifukwa masamba ndi amene achuluka.

Mayi a Tadala: Ine ndili ku Kasungu, soya ndiye timalima wambiri. Tofu amene Mphatso watchula uja angapangike pakhomo? Kapena ndi chimodzimodzi ma soya pieces?

Mphatso ku Osaka: N'zosiyana mayi. Ma soya pieces amapangidwa kufakitale ndi ufa wa soya wofinyidwa mafuta. Ali ndi mapuloteni ambiri, vuto lake ndi kapaketi ka mchere ndi mafuta amene timawakazingira. Tofu amachokera ku mkaka wa soya ndipo mungapange nokha. Viikani makapu awiri a soya usiku wonse, mutikite makoko achoke. Mugaye ndi madzi, kaya ndi blender kaya kusinja mu mtondo mpaka asalale, madzi onse akwane malita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Sefani pa nsalu yoyera n'kufinya. Mkakawo muuwiritse mphindi 10 mpaka 15 mukutakasa, chifukwa umafufuma n'kutayika, komanso soya wosapsa bwino amavuta m'mimba. Phulani, mudikire mphindi zochepa, ndiye muzithira madzi a mandimu pang'onopang'ono mukutakasa mofatsa mpaka mkaka udukeduke, madzi achikasu apatuke. Vundikirani mphindi khumi. Khuthulirani pa nsalu mu sefa, mukulunge, mutsindike ndi mwala woyera kwa theka la ola. Zotsalira pa nsalu poyamba zija kuno amaziphika ngati ndiwo, inu mungaziike m'phala kapena m'zitumbuwa.

Anaphiri a ku Limbe: Amwenye amachita chimodzimodzi ndi mkaka wa ng'ombe popanga paneer, tchizi chawo chofewa. Tofu ameneyo payekha alibe kukoma, ndiye mumudule timabokosi, mumuwaule pa chiwaya ndi mafuta pang'ono afiirire, kenako alowe mu tomato, adyo ndi jinja amwe msuzi.

Bambo a Dalitso: Dal ndi chambo chanthunzi ndavomera kuyesa, tofu ndiyambe ndalawa wa wina. Koma nsima ikhalepo, mitanda iwiri ya mgaiwa.

Nangozo (namwino, Leeds): Iwiri ili bwino poyambira bambo, bola theka la mbale likhale masamba. Muyezo wa WHO ndi magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, osawerengera mbatata ndi chinangwa. Amene muli pa mankhwala a shuga, musachepetse nsima mwadzidzidzi musanalankhule ndi achipatala, shuga angatsike kwambiri. Ndiwonjezere za mpunga wotsala, poti ambiri amakonda kuukazinga mawa lake ndi dzira ndi masamba. Muuyale uzizire msanga, ulowe m'furiji pasanathe ola, mudye tsiku lotsatira ndipo muutenthetse kamodzi kokha mpaka utenthe paliponse. Mpunga wogona panja umamera tizilombo timene poizoni wake saphedwa ndi kutenthetsanso. Ngati magetsi sakudalirika, phikani wokwana kudya nthawi yomweyo.

Mayi a Tadala: Funso lomaliza kwa ine. Chainizi akachuluka kudimba amangoola. Kimchi wa ku Korea uja, wa masamba osasitsa, tingapange ndi ameneyu?

Mphatso ku Osaka: Mungapange mayi. Wawo ndi kabichi wokulunga mutu wamtali, koma amapanganso ndi mpiru ndi masamba ena. Ku Korea mabanja amasonkhana nyengo yozizira ikamayandikira n'kupanga wambiri wodya miyezi, ndipo mwambo umenewu bungwe la UNESCO linaulemba m'kaundula wake wa zachikhalidwe mu 2013. Dulani chainizi, mumuwaze mchere, akhale maola awiri mukutembenuza mpaka afote. Mutsuke katatu, mufinye. Sakanizani adyo, jinja, anyezi, karoti wopala, tsabola wogaya ndi msuzi wa usipa pang'ono, mupake masamba onse. Kambuzi ndi wowawa kwambiri kuposa tsabola wa ku Korea, ndiye muike pang'ono n'kuwonjezera paprika kuti afiire. Longedzani m'botolo lagalasi lotsuka ndi madzi otentha, mutsindire mpaka madzi akwere pamwamba pa masamba, musiye mpata kukamwa kwa botolo. Tsiku lililonse muzitsegula mpweya utuluke n'kutsindiranso.

Mayi a Tadala: Akhale masiku angati?

Mphatso ku Osaka: Zimatengera nyengo. Kutentha kwa Okutobala tsiku limodzi kapena awiri wayamba kale kuwawasa, mu Juni angatenge atatu kapena anayi. Muzilawa ndi supuni yoyera. Akafika pamene mwakonda, alowe m'furiji. Mukaona chuku pamwamba kapena fungo la kuola, tayani. Ngati mulibe furiji pangani kabotolo kakang'ono koti kathe pa masiku ochepa.

Nangozo (namwino, Leeds): Ndipo mudye supuni imodzi kapena ziwiri pambali pa mbale, osati ngati ndiwo zathunthu. Tsiku limene kimchi ali patebulo, mchere wa mu ndiwo zinazo muchepetse.